Kuyendera mabwalo a matimu aang'ono: ndiyambire pati kuno ku Lilongwe?

Funso: Ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagwira ntchito ku City Centre. Mpira ndimaukonda, koma wambiri ndimaonera wa ku England pa TV, ndipo bwalo lomwe ndinalowapo ndi la Bingu lokha. Ndinawerenga kuti ku Ulaya kuli anthu omwe amakonda kuyendera mabwalo a matimu aang'onoang'ono n'kumalemba lililonse lomwe afikapo, amati groundhopping. Kodi zimenezi zingatheke kuno? Ndiyambire pati, ndingadziwe bwanji komwe kuli masewero, nanga mwana wanga wa zaka 9 ndingamamutenge?

Yankho: Zingatheke ndithu achimwene, ndipo mwanayo mutha kumamutenga. Ine ndakhala m'mbali mwa mabwalo a chigawo chapakati kuyambira ndili mnyamata, poyamba ndi wezulo pakamwa ngati woyimbira, kenako m'makomiti oyendetsa mpira wa m'maboma. Pa zaka zonsezi, anthu obwera kudzangoonera, opanda timu yawo, opanda mphwawo amene akusewera, ndakumana nawo ochepa kwambiri, n'chifukwa chake funso lanu landisangalatsa. Koma ndikuuzirenitu kuti momwe amachitira anzathu a ku Ulaya si momwe mudzachitire inu. Kumeneko munthu amatha kufika, kugula tikiti, kuonera, kulemba m'kope lake n'kukwera sitima kubwerera kwawo osayankhulana ndi aliyense. Kuno sizitero. Bwalo la ku Chinsapo kapena la ku Nathenje lili ndi eni ake, onse amadziwana, ndipo nkhope yachilendo imaoneka msanga. Mudzayenda ngati mlendo wa anthu, ndipo zambiri zomwe ndinene zikuchokera pamenepo.

Za ku Ulayazo ndinene mwachidule. Ku England kuli gulu lotchedwa 92 Club lomwe linayamba mu 1978, ndipo kuti munthu alowemo amayenera kuonera masewero pa mabwalo a matimu onse 92 a m'maligi anayi apamwamba a dzikolo. Ena amakonda kutsikira kumatimu a m'midzi ndi m'matauni aang'ono, ndipo kuyambira 2010 kumakhala tsiku lotchedwa Non-League Day lolimbikitsa anthu kukaonera matimu oterowo. Ku Germany nakonso chizolowezichi n'chachikulu, ena mpaka amawerenga mayiko omwe aonerako mpira. Masiku ano ambiri amasunga maulendo awo pa foni, pa apu yotchedwa Futbology. Pa malamulo awo onse, limodzi lokha ndi lomwe ndikukupemphani mutenge: bwalo limawerengedwa pokhapokha mutaonerapo masewero. Kudutsa pa minibasi n'kuona mapolo a golo chapatali, simunafikepo.

Muyeneranso kudziwa momwe mpira wathu unasanjikirana, kuti muzidziwa chomwe mukuonera. Pamwamba pali Super League ya matimu 16, yoyendetsedwa ndi bungwe la SULOM pansi pa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno. Mu 2025 kunabwera National Division League yothandizidwa ndi NBS Bank, yomwe inakhala pakati pa Super League ndi maligi a m'zigawo, ndipo matimu a kwathu kuno monga Mitundu Baptist ndi Namitete Zitha anaseweramo. Pansi pake ndi pomwe mudzathere nthawi yanu yambiri: ligi ya chigawo chapakati, yoyendetsedwa ndi Central Region Football Association, yomwe kwa zaka zambiri anthu akhala akungoti "ya Chipiku" potengera kampani yoithandiza. Imeneyo ili ndi magawo ake, lapamwamba ndi lapansi. Kutsikanso apo pali maligi a m'maboma, a achinyamata, a amayi, ndi mabonanza omwe amakonza amalonda, aphungu ndi mafumu. Makampani othandiza amasinthasintha, choncho polemba muzitchula gawo la ligiyo, osati dzina la kampani lokha.

Poyambira ndi mabwalo atatu a mumzinda muno omwe simunalowemo: Nankhaka ku Area 30, komwe ndi kwawo kwa Blue Eagles, timu ya apolisi, Silver Stadium ku Area 47, kwa Silver Strikers, ndi Civo ku Area 9, kwa Civil Service United. Kuchokera ku 25, Nankhaka ndi pafupi, pa msewu womwewo wa M1 womwe mumadutsa popita kuntchito. Koma musadikire tsiku lomwe kwabwera Bullets kapena Wanderers. Mabwalo amenewa amalandiranso matimu a rizevu, a m'maligi apansi ndi a amayi, ndipo pa masiku otere mumakhala pomwe mwafuna, mumamva kochi akukalipa, mumamvanso goloboyi akuitana otchinga kumbuyo ndi mayina awo.

Wina akakuuzani kuti mpira wa m'munsi ndi wongotaya nawo nthawi, mukumbutseni za Blue Eagles yomweyo. Inatuluka mu Super League mu 2023, chaka chotsatira n'kumasewera mu ligi ya chigawo chapakati. M'chaka chomwecho cha 2024 inafika mu ndime yotsiriza ya FDH Bank Cup n'kugonjetsa Nyasa Big Bullets pa mapenate, kenako n'kubwereranso mu Super League. Amene ankaiona ikulimbana ndi matimu a m'maboma miyezi ya m'mbuyomo anaona timuyo ikumangidwa, pamene ena tonse tinangoona chikho chikukwezedwa.

Mukatha apo lowani m'makomboni. Ku Kawale kuli Masintha, bwalo lomwe ambiri amalidziwa chifukwa cha misonkhano ya ndale koma mpira suthapo. Pafupi ndi tauni yakale pali Community Centre. Kenako pali mabwalo a masukulu ku Chilinde, Biwi, Mchesi, Area 23, Area 36, Mtandire, Chinsapo, Likuni, ndi kwanu komweko ku 25. Ambiri mwa amenewa alibe chikwangwani, amangodziwika ndi dzina la sukulu kapena la mfumu. Ndikanakhala inu, Loweruka loyamba ndikanangoyenda wapansi kupita pa bwalo lomwe lili pafupi ndi nyumba, ndisanawononge ndalama ya thiransipoti.

Ndikufotokozereni zomwe mukapeze, chifukwa maso ozolowera udzu wa pa TV amatha kukhumudwa poyamba. Mukafika msanga mudzapeza anyamata awiri atagwira chingwe uku ndi uku, wachitatu akuwaza laimu kapena phulusa kuchokera m'chitini motsatira chingwecho. Mapolo ena ndi achitsulo, ena ndi a bulugama, ndipo neti imabwera m'thumba la feteleza, imamangidwa masewero ali pafupi kuyamba, n'kumasulidwanso akangotha kuti isagone panja. Pakati pa bwalo ndi pa golo palibe udzu, ndi dothi lofiira lolimba, ndipo mpira ukagunda pamenepo umadumpha mosayembekezeka. Wosewera amene amatha kuuziziritsa pa nthaka yotere ali ndi luso lenileni, muzimuyang'anitsitsa. Mabwalo ena ali ndi njira yodutsa pakona, moti mayi wosenza chidebe kapena wa kabaza amadutsa masewero ali mkati, woyimbira n'kudikira kaye. Palibe mpanda wolekanitsa oonera ndi osewera. Anthu amaima pa mzere weniweniwo, mpira ukapita kuphiko amabwerera m'mbuyo pang'ono, ukachoka amayandikiranso, ndipo pamakhala mkulu wina wa ndodo kapena kanthambi amene ntchito yake ndi kubweza ana. Chigoli chikalowa ana onse amathamangira m'bwalo, ena akupidiguka, amayi akululutira, fumbi koboo, ndipo pamatenga kanthawi kuti mpira uyambenso. Mu Okutobala kamvuluvulu amatha kudutsa pakati pa bwalo n'kuimitsa masewero. Zonsezi muzizilemba, chifukwa ndi zomwe zimasiyanitsa bwalo lina ndi linzake.

Ubwino wa Lilongwe ndi woti misewu imatuluka mbali zonse, ndipo maulendo ambiri ndi opita n'kubwerera tsiku lomwelo. Kumpoto pa M1 mudzadutsa Lumbadzi n'kufika ku Mponela, komwe kuli Champion Stadium, ndipo mukapitirira mufika pa Kasungu Stadium. Kumadzulo pa msewu wa ku Mchinji muli Namitete, ndipo m'boma la Mchinji muli Aubrey Dimba Stadium. Kummwera, mukakhota pa Bunda turn-off mufika ku Mitundu, komwe mpira umaoneredwa phiri la Bunda lili poteropo. Mukapitirira ndi M1 mudutsa Nathenje mpaka pa Dedza Stadium, makilomita pafupifupi 85 kuchokera mumzinda muno. Ku Dedza mu Juni ndi Julayi musapite opanda juzi, mwanayonso mumuveke zofunda, chifukwa dzuwa likangopendeka mphepo yochokera m'phiri imalowa m'mafupa. Chitowe ku Dwangwa, pakati pa minda ya nzimbe, ndi ulendo wokagona, muusunge kaye. Ndipo pakati pa mabwalo otchuka amenewa pali a pa ma trading centre monga Nsundwe, Kasiya, Nsaru ndi Malingunde, omwe kwa ine ndi okoma kuposa ena a mipanda ya njerwa.

Tsopano funso lanu lovuta kwenikweni, lodziwa komwe kuli masewero. Ndondomeko za Super League ndi za National Division zimapezeka mosavuta pa masamba a Facebook a FAM, SULOM ndi a matimu eni ake. Za ligi ya chigawo zimatulukanso pa Facebook ndi pa mapulogalamu a zamasewero pa MBC, Zodiak ndi Times, ndipo mawayilesi a m'madera, monga Mudziwathu ku Mchinji ndi Bembeke ku Dedza, amatchula masewero omwe mawayilesi akuluakulu satchula. Koma mukatsika pansi pa apo, ndondomeko ili m'mafoni a anthu. Njira yake ndi iyi: pa bwalo loyamba lomwe mwafika, pemphani nambala ya timu manija wa eni bwalo ndi ya wa alendo. Pemphaninso ya mmodzi wa oyimbira, chifukwa ife oyimbira timayenda mabwalo ambiri kuposa wina aliyense, ndipo timadziwa komwe kuli mpira sabata ya mawa. Posakhalitsa wina adzakulowetsani pa gulu la WhatsApp la zoni kapena la boma, ndipo kuyambira pamenepo simudzasowanso kopita.

Ngakhale mwaona ndondomeko italembedwa bwinobwino, imbani foni m'mawa wa tsikulo musanakwere galimoto. Safunsa anadya phula. Masewero a m'munsi amalephereka pa zifukwa zomwe sizilengezedwa pa wayilesi. Kukagwa maliro pafupi ndi bwalo, makamaka kumudzi, mpira suseweredwa, ndipo palibe amene angatsutse zimenezo. Bwalo limatha kutengedwa ndi msonkhano wa chipani kapena wa mpingo. Alendo amatha kulephera kubwera chifukwa lole yomwe analonjezedwa yapita kukanyamula fodya, kapena mafuta asowa. Zikakuchitikirani muli kale komweko, musapse mtima ndi anthu a komiti, iwonso ataya zambiri kuposa inu. Funsani a kabaza ngati pali mpira wina pafupi, kawirikawiri umakhalapo. Za nthawi, masewero a ligi amayamba cha m'ma hafu pasiti 2 kapena 3 koloko masana, chifukwa mabwalo amenewa alibe magetsi ndipo mpira uyenera kutha kusanade. A bonanza amatha kuchedwa ndi ola lathunthu kapena kuposa.

Mukafika, chinthu choyamba ndi moni. Funsani kuti akuluakulu a timu ali kuti, mukawapatse moni, munene dzina lanu, komwe mwachokera ndi chomwe mwadzera. Izi si ulemu chabe. Munthu wachilendo amene waima yekha, wanyamula kope, akulemba ndi kujambula, anthu amamuganizira zitatu: kuti ndi wosaka osewera amene wabwera kudzawatengera mnyamata wawo, kuti ndi kazitape wa timu yomwe akumane nayo sabata ya mawa, kapena kuti watumidwa ndi mankhwala. Chachitatuchi musachipeputse. Zikhulupiriro zilipo mu mpira wathu kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo mwina munamvapo za matimu okana kulowera pa geti n'kudumpha mpanda. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi, eni bwalo ndi amene ali ndi mawu. Musadutse pakati pa bwalo masewero asanayambe. Musagwire mapolo kapena neti, musaime kumbuyo kwa golo muli nokha, musathire madzi pansi pafupi ndi mzere, ndipo mwanayo mumuuziretu zimenezi muli kunyumba. Ndinaonapo mlendo wosalakwa atazunguliridwa ndi anyamata chifukwa choti anatola kamwala pa golo n'kukataya kunja, poganiza kuti akuthandiza goloboyi. Anapulumuka chifukwa mkulu wina wa komiti anali atamupatsa kale moni ndipo anamuikira umboni.

Mukadzidziwitsa bwino zinthu zimatembenuka. Adzakupezerani benchi ya kusukulu kapena njerwa yokhalira, wina adzakhala pambali panu n'kumakuuzani kuti uyo wavala 10 ndi mwana wa ndani, uyo anayesedwapo ku timu yakuti. Valani zovala zosaonetsa mbali: osati mtundu wa jezi ya alendo, ndipo osati malaya kapena nsalu ya chipani. Pojambula pemphani kaye, makamaka pomwe pali ana. Pa mabwalo a asilikali ndi apolisi funsani pa geti zomwe zikuloledwa, ndipo kamera iloze kubwalo kokha, osati kunyumba ndi maofesi.

Nkhani ya ndalama ndiyofunika ndiikambe momveka. Pa mabwalo ena amazunguliza masaka, matenti kapena udzu kuti apeze polipiritsa, ndipo mpandawo umakhala ndi mipata yomwe ana amalowerapo. Inu lowerani pakhomo, mulipire. Pena palibe mpanda n'komwe, amangoyendetsa chipewa kapena mbale pa nthawi yopumulira, ponyanimo. Ndalama imeneyo ndi yomwe imalipira oyimbira, kugula laimu, madzi ndi nzimbe za osewera, ndi kusungira thiransipoti ya ulendo wotsatira. Matimu ambiri a m'munsi amayendera thumba la munthu mmodzi kapena awiri, mwina wa golosale kapena mphunzitsi, ndipo munthuyo akatopa timu imafa pakati pa sizoni. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, ma K500 ndi ma K1,000, chifukwa pakhomo sapeza chenji ndipo si onse amalandira za pa foni. Chakudya gulani komweko: tchipisi cha pa chiwaya, chimanga chootcha, mandasi, zitumbuwa, nzimbe. Amayi ogulitsawo tsiku la mpira ndi tsiku lawo la msika.

Chinanso, poti mwachokera mumzinda ndipo mwanyamula kope, ena adzakuonani ngati bwana amene angagule yunifomu kapena kutengera mnyamata ku timu yaikulu. Nenani zoona kuyambira pachiyambi, kuti ndinu wokonda mpira chabe. Musalonjeze chomwe simungathe, chifukwa lonjezo la mpira umodzi limakumbukiridwa zaka. Ngati mtima wakutumani kuthandiza, mpira wabwino umodzi kapena pampu ndi zinthu zamtengo kwa timu yotere, ndipo muzipereke kwa komiti anthu akuona, osati kwa munthu mmodzi kuseri.

Tsopano za kope lija, lomwe kwa ine ndi mtima wa nkhani yonseyi. A ku England akamalemba, amangowonjezera pa zomwe zinalembedwa kale, chifukwa ngakhale timu ya m'mudzi imasindikiza kabuku ka masewero a tsikulo ndipo zotsatira zake zimasungidwa. Kuno, masewero ambiri a m'maboma akatha, chotsala ndi lipoti la woyimbira ndi uthenga wa pa WhatsApp womwe udzafufutike foni ikadzawonongeka. Kope lanu likhoza kukhala malo okhawo pomwe masewerowo analembedwa mokwanira. Katswiri wa mpira wa amayi Tabitha Chawinga, asanapite ku Sweden mu 2014, ankasewera mu DD Sunshine mumzinda muno, pa mabwalo ngati omwe ndikukutumaniwa. Taganizani mtengo wa kope la munthu amene anaima pa mzere masiku amenewo n'kulemba tsiku, bwalo ndi zigoli zake. N'chifukwa chake ndikukulimbikitsaninso kuti masewero a amayi musawadumphe. Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, inatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kummwera kwa Africa mu 2023, ndipo atsikana omwe adzavale jezi imeneyo mtsogolomu akusewera pa fumbi lomweli, oonera ali ochepa.

Lembani tsiku, dzina la bwalo monga eni ake amalitchulira, mudzi kapena dera, matimu, gawo la ligi, zotsatira, ogoletsa, ndalama ya pakhomo ndi ya thiransipoti. Osewera ambiri amadziwika ndi mayina a pa bwalo, ena otengera akatswiri a kunja, choncho pa nthawi yopumulira pemphani timu manija akuonetseni mayina enieni, mulembe onse awiri. Chiwerengero cha oonera chiyerekezeni nokha, mbali imodzi imodzi, ndipo mulembe kuti n'chongoyerekeza. Jambulani bwalo mbali zonse zinayi, kuphatikizapo zomwe zili kumbuyo kwa magolo: mtengo wa mango, tchalitchi, chigayo, phiri. Ndikunena izi chifukwa mabwalo amatha. Mzinda uno ukukula mofulumira, ndipo ndikudziwa malo angapo pomwe ndinayimbirapo mpira koma lero pali nyumba kapena midadada ya makalasi. Mukapeza mkulu wa imvi amene wakhala pa mpando wake m'mbali mwa bwalo, khalani naye. Mufunseni amene analambula malowo, timu yoyamba inkatchedwa chiyani, ndi osewera ati anachokera pamenepo. Mayankho ake sali m'buku lililonse. Apu ya pa foni mutha kuigwiritsa ntchito ngati mukufuna, koma mabwalo a masukulu ndi a m'midzi musayembekezere kuwapezamo onse, ndiponso batire imatha. Kope la chikuto cholimba ndi bolopeni ndi zomwe sizingakukhumudwitseni.

Pa zowerenga, dziikireni malamulo anu ndipo musawasinthe pakati pa njira. Anga ndi oti pakhale matimu awiri ovala mosiyana, woyimbira, ndi mpikisano wodziwika, ndipo ndionere kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mabonanza ndimawalemba kumbuyo kwa kope, paokha. Ndi okoma, anthu amadzaza kuposa pa masewero a ligi, koma matimu ake amabwereka osewera aganyu, moti mnyamata yemwe mwamuona lero ku Mpingu mawa mumupeza atavala jezi ina ku Lumbadzi. Ngati mukufuna njira yoti izikusankhirani kopita, tsatirani chikho. Castel Challenge Cup, yomwe inayamba mu 2023, imayambira m'maboma. Sankhani timu imodzi pa ndime yoyamba, muitsatire mpaka itatuluka, kenako mutsatire yomwe yaitulutsayo. Mudzafika malo omwe simukanawaganizira nokha.

Za mwana. Zaka 9 ndi msinkhu wabwino, ndipo iye ndi amene adzakutsegulirani makomo ambiri, chifukwa bambo woyenda ndi mwana sakayikiridwa. Mutengereni chipewa ndi madzi akumwa ochokera kunyumba, popeza mithunzi ndi yochepa ndipo zimbudzi pa mabwalo ambiri palibe kapena n'zokhoma. Khalani kutali ndi kagulu komwe kakumwa mowa, kawirikawiri kamakhala kumbuyo kwa golo, chifukwa kumeneko ndi komwe kumachokera kutukwana. Mbali yomwe kuli amayi ndi akuluakulu ndi yabwino. Pa masewero akuluakulu a mumzinda pewani kudzaza kwa pa geti. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anamwalira pa mpanipani wolowera pa Bingu, ndipo tonse okonda mpira sitiyenera kuiwala. Fikani msanga, ndipo potuluka dikirani anthu achepe.

Pa mabwalo a m'munsi choopsa si kuchuluka kwa anthu koma mkwiyo wa mphindi zomaliza, makamaka pa masewero olimbirana kukwera ligi kapena a ndalama za bonanza, pomwe apolisi amakhala awiri kapena palibe. Monga woyimbira wakale ndikuuzeni zizindikiro zake. Oonera akasiya kubwerera m'mbuyo mpira ukafika pa mzere, nyimbo zikasiya n'kuyamba kutchula woyimbira ndi dzina, anyamata akayamba kuzungulira kupita mbali ya alendo, gwirani mwana dzanja muzipita. Zotsatira mudzafunsa pa foni, ndipo pa tsiku lotere lamulo loonera mpaka pomaliza lisakumangeni. Musalowerere mkangano ngakhale mwaona bwino kuti sinali penate. Nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, musabisale pansi pa mtengo ngati momwe ambiri amachitira. Lowani m'kalasi kapena m'galimoto. Ndipo mukapita kunja kwa mzinda funsani pofika pomwe kuti minibasi yomaliza imanyamuka nthawi yanji, chifukwa miyezi yozizira 6 koloko imakwana kutada kale, ndipo kukwera njinga yamoto usiku ndi mwana pa msewu wafumbi si chinthu chomwe ndingakulangizeni.

Pali chimodzi chomwe ndimasiyana nawo a ku Ulaya. Ambiri a iwo bwalo akalilemba sabwererakonso, amathamangira latsopano. Inu muzibwerera, ngakhale kamodzi pa sizoni, pa mabwalo omwe anakulandirani bwino. Ulendo woyamba pemphani matimu onse awiri aime pamzere masewero asanayambe muwajambule. Ambiri amakondwa, chifukwa ena mwa anyamatawo alibe chithunzi chilichonse atavala jezi. Mukabwerera m'tauni kasindikizeni zithunzi ziwiri pa timu iliyonse, china cha m'kope lanu, china chokapereka kwa komiti ulendo wotsatira. Kumbuyo kwake lembani tsiku, dzina la bwalo ndi mayina a osewera kuyambira kumanzere, ndipo omwe simunawagwire bwino mayina mukawafunse komweko musanapereke.